Za zizindikiro zokongoletsera ndi lemba la ŵ m'makalata a pakompyuta

Unduna ukufotokozera alembi a m'maofesi ndi m'sukulu za m'maboma a Machinga ndi Balaka chifukwa chimene zizindikiro zina zimasinthira kalata ikatumizidwa pa intaneti.

Kompyuta sisunga maonekedwe a lemba, imasunga nambala. Ndondomeko ya Unicode, yomwe idatuluka koyamba mu 1991, imapatsa chizindikiro chilichonse nambala yakeyake: nyenyezi ★ ndi U+2605, chizindikiro chochongera ✓ ndi U+2713. Koma chochongera cha mu Wingdings ndi lemba la ü longovekedwa maonekedwe ena. Kalata ikatsegulidwa pa foni yopanda Wingdings, wowerenga amangoona ü, osadziwa ngati dzina lachongedwa kapena ayi.

Lemba la ŵ, lomwe limapezeka m'mawu a Chiyao monga ŵandu komanso m'mayina a anthu ena, si lokongoletsera konse. Nambala yake ndi U+0175. Kalata ikawerengedwa ndi ndondomeko yolakwika, lembali limasanduka Åµ, ndipo wofufuza dzinalo m'kaundula salipeza ngakhale mwini wake adalembetsa.

Choncho alembi akupemphedwa kusunga mindandanda ya mayina mu UTF-8 ndi kulemba mawu oti Inde kapena Ayi m'malo mochonga.