Za Kusankha Pokhala kwa Iwo Osamukira ku Lilongwe

Abale athu okondedwa a kuno ku Mchinji, inu a kwa Mkanda, a kwa Zulu, a kwa Mlonyeni, a kwa Dambe ndi a kwa Mavwere, nkhani ya mwezi uno ikhudza pafupifupi khomo lililonse. Pakuti ndi mudzi uti umene ulibe mwana wake ku Lilongwe? Kale, pamene boma lathu linkatchedwa Fort Manning, anyamata ofuna ndalama ya msonkho ankaloza ku minda ya fodya ya ku Fort Jameson, ena ku Salisbury, ena ku migodi ya ku Joni. Ndipo kumeneko sankasankha pogona, chifukwa mwini ntchito ndiye ankawalozera komboni. Masiku ano ambiri a ana athu aloza kum'mawa, ulendo wa makilomita ngati 110 kuchokera pa boma, nakafika mu mzinda m'mene palibe wowalozera.

Kumbukirani mwambo wathu wa kumudzi. Mkamwini akafika kwa mkazi wake, apongozi ndi mfumu amam'tenga nam'sonyeza pomanga. Iwo adziwa pamene madzi amaima pa dzinja, adziwa pali chiswe, adziwanso mnansi waukali ndi mnansi wofatsa. Mlendo amanga pa nzeru za eni mudzi. Koma m'tauni munthu afika ndi mtolo wake madzulo, atatopa, nafunsa mafunso awiri okha: "Lendi yotsika ili kuti?" ndiponso "Wakwathu akhala kuti?" Mafunso amenewa si oipa ayi, koma ali operewera, ndipo taona mabanja ambiri akusauka chifukwa choimira pomwepo. Mtengo wa nyumba suli pa ndalama yokha imene mupatsa mwini nyumba pa kutha kwa mwezi. Ulinso pa msewu, pa madzi, pa nthaka ndi pa anthu okhala nawo.

Tiyambe ndi msewu. Mu 1966 Lilongwe udali mzinda waung'ono wa anthu osakwana 20,000. Udasanduka likulu la dziko mu 1975, m'malo mwa Zomba, ndipo pa kalembera wa 2018 adawerengamo anthu 989,318, kuposa anthu onse a boma lathu lino. Amene adaukonza adaumwaza m'zigawo zotalikirana, nazipatsa manambala. Koma mlendo asanyengeke ndi manambalawo, pakuti satsata kuyandikana. Area 24 ili chakum'mwera, pamene Area 25 ili kumpoto kwenikweni. Malo aakulu a ntchito alipo atatu: Old Town, kumene kuli msika waukulu ndi depoti ya mabasi, City Centre ndi Capital Hill, kumene kuli maofesi, ndi Kanengo, kumpoto pa msewu wa ku Kasungu, kumene kuli mafakitale ndi msika wa fodya. Tsono minibasi zambiri zimathera ku Old Town, kotero kuti wochokera mbali ina ya mzinda kunka mbali inzake amatsika kumeneko ndi kukweranso ina.

Tidziwa mnyamata wina wa kuno, wakhama ndi wosamwa mowa, amene adapeza ntchito ku Kanengo. Iye adachita lendi ku Chinsapo, pa msewu wa ku Likuni, chifukwa amalume ake adali komweko, ndipo chipinda chidali chotsika mtengo. Adakondwa mwezi woyamba. Koma taonani: m'mawa minibasi ziwiri, madzulo minibasi ziwiri, zinayi pa tsiku, ndiye kuti maulendo 104 pa masiku 26 a ntchito. Ndalama imene adaipulumutsa pa lendi idathera m'manja mwa makondakitala, nidyanso ya ndiwo. Adayesa kuyenda pansi mbali ina ya njira, nayamba kuchoka kusanache ndi kubwera ana atagona, mpaka mwana wake wamng'ono ankam'thawa Lamulungu ngati mlendo. Atasamukira ku Area 25, lendi idakwera pang'ono, koma m'nyumba mudayamba kutsala kanthu. Ndipo dziwani ichi: lendi imakwera mwa apo ndi apo, koma mtengo wa minibasi ukhoza kukwera usiku umodzi, monga tidaonera kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndi pa nthawi zonse mafuta akasowa. Chotero yambani mwadziwa kumene mudzagwire ntchito, ndipo pambuyo pake funani nyumba. Wogulitsa malonda ku msika waukulu aganizire Mchesi, Biwi kapena Kawale, kumene angayende pansi. Wa ku Kanengo aganizire Area 25, Mgona kapena Senti.

Chachiwiri ndi madzi. Madzi a m'mipopi ya mzinda achokera ku madamu a Kamuzu pa mtsinje wa Lilongwe ku Malingunde, ndipo awagawa ndi a Lilongwe Water Board. M'malo ambiri a anthu osauka mulibe mpopi pakhomo; amayi amakagula pa mpopi wa onse, kulipira pa ndowa pa ndowa. Funsani tsono: mpopiwo uli patali bwanji, utsegulidwa nthawi yanji, ndipo ukauma anthu amatunga kuti? Ngati yankho lili lakuti amatunga pa chitsime cha pa puloti pomwepo, pitani mukachione ndi maso anu, muyese mapazi kuchokera pa chitsime kufika pa chimbudzi. Pa dzinja madzi a pansi amakwera, ndipo zonyansa za m'chimbudzi zimatsetserekera m'chitsime chosaya, ngakhale madziwo aoneke oyera. Umo ndimo imayendera kolera, imene kuyambira mu 2022 kufikira mu 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe idali pakati pa maboma ovutika koposa. Werenganinso makomo ogwiritsa chimbudzi chimodzi. Pa nyumba za mdadada mukhoza kupeza mabanja asanu ndi limodzi pa chimbudzi chimodzi ndi bafa limodzi, ndipo ndewu zambiri za amayi zimabadwira pa tsache la pamenepo.

Chachitatu ndi nthaka. Ife alimi tidziwa kuti dambo ndi la dimba, si la nyumba. Nanga bwanji tikafika m'tauni tiiwala? Ambiri amasamuka m'chilimwe, atagulitsa mtedza, soya ndi fodya, nthawi imene malo onse aoneka ouma ndi okoma. Koma mu Febuluwale 2017 mtsinje wa Lingadzi udasefukira nulowa m'nyumba za ku Mtandire, ndipo anthu ambiri adataya katundu wao yense m'maola owerengeka. Sitinena kuti Mtandire yense ngwoipa ayi. Kumtunda kwake kukhala anthu mwamtendere, ndiponso kuli kufupi ndi msewu wobwera kwathu kuno. Tinena za nyumba za m'mphepete mwa mitsinje, m'chigawo chilichonse, zimene lendi yake imatsika pa chifukwa chimene mwini nyumba sadzakuuzani. Khoma ndilo lidzakuuzani. Yang'anani mzere wa matope m'munsi mwake, nunkhizani chinyontho m'chipinda, onani ngati bango limera pafupi, ndi ngati anansi adakweza ziundo za pakhomo pao. Onaninso maenje a njerwa, amene pa dzinja amadzala madzi, naswa udzudzu, namiza ana.

Chachinayi, chimene chiposa zonse, ndi anthu. Inu mudzapita ku ntchito, koma mkazi wanu ndi ana adzatsala pamenepo tsiku lonse. Musaone nyumba masana okha. Bwereraniko madzulo a Loweruka, muime pang'ono, mumve. Kodi kuseri kuli malo ogulitsira kachasu? Kodi atsikana ayenda momasuka dzuwa litalowa? Kodi sukulu ili mbali ino ya msewu waukulu, kapena ana adzaoloka pakati pa magalimoto tsiku ndi tsiku? Nanga matenda akagwa usiku, chipatala chapafupi n'chiti, cha Bwaila, cha Likuni, kapena cha ku Area 25? Funsani amayi a pa mpopi, pakuti iwo alibe chobisa. Funsani chimene adachokera amene adali m'nyumbamo musanabwere. Akulu adati safunsa adadya phula. Ndipo inu Akhristu, musanyamuke opanda kalata ya ku parishi, kuti mukadziwike msanga ku mphakati wa kumene mukukhala. Pakuti tsiku la maliro kapena la matenda, iwowo ndiwo adzakhala mudzi wanu.

Potsiriza, pangano ndi mwini nyumba. Ambiri amafuna ndalama ya miyezi itatu musanalowe, ndipo apa ndi pamene akuba amatchera msampha. Alipo anthu oyendayenda amene amasonyeza mlendo nyumba ya eni, nalandira ndalama, nazimirira. Musapereke kanthu musanaonane ndi mwini wake weniweni, ndipo anansi akutsimikizireni kuti ndiye. Popereka, pakhale mboni, ndipo zilembedwe papepala: lendi ndi zingati, ilipidwa tsiku lanji, denga likadontha akonza ndani, ndi masiku angati a chenjezo ngati wina afuna kuthetsa pangano. Ngati mita ya magetsi a ESCOM ili imodzi pa makomo ambiri, gwirizanani poyamba za kagulidwe ka mayunitsi, pakuti wa nyale imodzi safuna kulipira mofanana ndi wophikira pa magetsi.

Kwa inu makolo otsala kumudzi tili ndi pempho limodzi. Mwana wanu akamanyamuka, musam'fulumize kutenga mkazi ndi ana tsiku lomwelo. Ayambe wapita yekha, agone kwa wachibale sabata ziwiri kapena zitatu, ayende ndi mapazi ake njira ya ku ntchito, aone, afunse, awerenge. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo akasankha chigawo chotalikira amalume ake, musamuyese wonyada kapena wotaya abale. Mwina wangowerenga bwino. Chibale sichitha ndi mtunda wa minibasi imodzi, koma ngongole ndi matenda zimapasula banja.

Mulungu asunge onse a paulendo, nawapatse pokhala pamtendere.