Musanamange Chipinda M'denga, Yambani Mwaona Maziko

Nyengo yokolola mpunga ikatha kuno ku Wovwe, mabanja ambiri amakhala ndi kangachepe m'thumba ndipo amalingalira zokuza nyumba zawo. Kumene malo a pakhomo achepa, ena amayang'ana m'mwamba. Pakati pa siling'i ndi malata pamakhala mpata, ndipo mpatawo ukhoza kukonzedwa kukhala chipinda chogona ana kapena mosungira matumba a mpunga. Ganizoli ndi labwino, koma ntchito yake imayambira pansi, pakuti maziko ndi makoma ndiwo adzasenze katundu yense wowonjezerayo.

Boma lathu la Karonga lili m'chigwa chachikulu cha Rift Valley, kumene nthaka imagwedezeka kawirikawiri. Mu Disembala 2009 kunachitika zivomerezi zotsatizana, ndipo chachikulu, cha pa 19 Disembala, chinafika mphamvu ya 6.0. Anthu anamwalira, nyumba zikwizikwi zinagwa kapena kung'aluka. Ngoziyi itachitika, boma linatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba otchedwa Safer House Construction Guidelines. Phunziro lake ndi lakuti nyumba yolemera kumwamba ndi yofooka kumunsi ndiyo imayamba kugwa nthaka ikagwedezeka.

Choyamba, itanani mmisiri wodziwa ntchito akumbe pang'ono m'mbali mwa nyumba kuti aone kuya kwa maziko ndi zimene anamangira. M'madera oyandikana ndi minda ya mpunga, madzi amakhala pafupi ndipo dothi limafewa nthawi ya dzinja, choncho maziko osaya amatitimira akalemedwa. Aonenso makoma. Khoma la zidina, kapena la njerwa zowotcha zomangidwa ndi dothi, silingasenze chipinda chapamwamba. Pamafunika khoma la mainchesi 9 lomangidwa ndi simenti, lopanda ming'alu, lokhala ndi lintala ya konkire ndi zitsulo yozungulira nyumba yonse pamwamba pa zitseko ndi mawindo. Lintala imeneyi imamanga makoma onse pamodzi ngati lamba kuti asatayane.

Chachiwiri, werengani kulemera kwa katundu. Matumba 20 a mpunga a makilogalamu 50 ndi tani yathunthu. Matabwa a siling'i anaikidwa kuti agwire siling'i yokha, ndipo sangathe kusenza anthu, mabedi kapena matumba. Pansi pa chipinda chatsopano pamafunika mitanda yokhuthala yokhazikika pa makoma olimba, yopakidwa mankhwala oteteza ku chiswe. Musadule thabwa lililonse logwira denga pofuna kukuza malo popanda uphungu wa katswiri, chifukwa denga lofooka limasasuka ndi mphepo ya mkuntho.

Chachitatu, ganizirani za amene adzagone m'menemo. Pakati pa chipindacho payenera kutalika mamita awiri kapena kuposerapo kuti munthu aziimirira bwinobwino. Kutentha kwa m'mphepete mwa nyanja m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala tonse timakudziwa, ndipo pansi pa malata kumanyanya. Pafunika siling'i ina pansi pa malatawo, ndiponso mawindo mbali ziwiri kuti mphepo izidutsa. Makwerero akhale okhazikika ndi okhala ndi pogwira, ndipo windo limodzi likhale lalikulu, lopanda zitsulo zowotcherera, loti munthu n'kutulukira moto utabuka. Mawaya a magetsi aikidwe ndi mmisiri wovomerezeka.

Chachinayi, jambulitsani pulani ndi kupita nayo ku ofesi yoona za zomangamanga ku khonsolo ya Karonga musanagule thumba la simenti ngakhale limodzi. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 limapatsa makhonsolo udindo woyang'anira zomangamanga m'madera awo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Lembani mtengo wa zipangizo zonse ndi malipiro a amisiri, ndipo sungani ndalama ina yapadera, pakuti mitengo imasintha ntchito ili m'kati. Ntchito yosasula denga ichitike m'chilimwe, mvula isanayambe.

Mmisiri akapeza kuti maziko kapena makoma ndi ofooka, musaumirire. Mangani chipinda chapansi chogundana ndi nyumba, ndipo mpunga muusunge pa mathandala m'chipinda chouma. Amene akufuna uphungu wina alankhule ndi khansala wa wodi yawo kapena komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kuti awalumikize ndi akatswiri a ku khonsolo.