Bala Losaoneka: Zimene Asilikali Atiphunzitsa za Ubongo

Munthu akatemeka ndi nkhwangwa pamwendo, palibe amene amatsutsa kuti wavulala, pakuti magazi amaoneka. Koma pali kuvulala kwina kumene sikutulutsa magazi ngakhale dontho limodzi, mwakuti mwini wake amadzuka, n'kusasa fumbi, n'kupitiriza ulendo. Kumeneku ndi kuvulala kwa ubongo. Zambiri zimene madotolo akudziŵa lero pa nkhaniyi adaziphunzira kwa asilikali. Nkhondo imavulaza mitu yochuluka pa nthaŵi imodzi, ndiponso maboma amasunga maina ndi mbiri ya asilikali ao, kotero kuti n'kotheka kuŵatsatira mpaka ku ukalamba.

Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, asilikali ankakhala m'maenje ku France ndi ku Belgium, mizinga ikulira usana ndi usiku. Madotolo adayamba kulandira anyamata opanda bala lililonse koma akunjenjemera, ena atagontha, ena osatha kulankhula, ena ataiŵala zonse. M'chaka cha 1915 dotolo wina wa ku Britain, Charles Myers, adalemba za vutoli ndi kulitcha "shell shock", ndiye kuti kusokonezeka kodza ndi zipolopolo za mizinga. Padabuka mkangano waukulu. Ena ankati kuphulikako kwagwedeza ubongo, ena ankati anyamatawo asweka mtima ndi zoopsa zimene adaona, pamene akuluakulu ena a nkhondo ankangoti ndi mantha chabe. Pa nkhondo imeneyo asilikali 306 a Britain ndi a maiko a pansi pake adaphedwa ndi boma lao pa milandu monga kuthaŵa nkhondo, ndipo ambiri akukhulupirira kuti ena mwa iwo adali odwala. Boma lidaŵakhululukira m'chaka cha 2006, atagona m'manda zaka pafupifupi 90.

Kuti timvetse, tiyambe taona mmene ubongo ulili. Ubongo ndi wofeŵa ngati phala lozizira, ndipo umakhala m'kati mwa chibade utazunguliridwa ndi madzi pang'ono. Mutu ukagundidwa kapena kugwedezeka mwadzidzidzi, ubongo umakadzigunda ku fupa, ndipo timitsempha tonyamula mauthenga timakokeka, tina n'kuduka. Tengani dzira laliŵisi mulikhutchumule mwamphamvu: chigoba chake chikhala chosasweka, koma zam'kati zasokonezeka. Bomba lili ndi kuipa kwina koonjezera. Likaphulika limakankha mpweya mwamphamvu yoopsa, ndipo mphamvu imeneyo imadutsa m'mutu mwa munthu amene ali pafupi, ngakhale kachitsulo kamodzi kasanamukhudze.

Kafukufuku wina wotchuka adayamba m'chaka cha 1967, pa nkhondo ya ku Vietnam. Dotolo wa ku America, William Caveness, adalemba m'kaundula asilikali 1,221 ovulala m'mutu, ambiri a iwo ndi tizitsulo ta mabomba toloŵa mpaka mu ubongo. Patapita zaka 15 madotolo adapima ena mwa iwo, ndipo adapeza kuti 53 pa 100 alionse adali atadwala khunyu. Mwa ena khunyulo lidayamba patapita zaka zingapo bala litapola. Apa tiime pang'ono, pakuti kwathu kuno munthu wamkulu akangoyamba kugwa khunyu, abale amafulumira kuloza zala mnansi. Chipsera cha mu ubongo chimayambitsa khunyu. Ngati wodwalayo adapwetekapo m'mutu, ngakhale kalekale, uzani a chipatala, pakuti mankhwala oletsa kugwa alipo, ndipo khunyu silipatsirana.

Amenewo adali mabala ooneka. Za mabala osaoneka zidadziŵika bwino pa nkhondo za ku Afghanistan ndi ku Iraq, zimene zidayamba m'zaka za 2001 ndi 2003. Kumeneko mabomba ankakwiriridwa m'mphepete mwa miseu. Zovala zoteteza thupi zidapulumutsa asilikali ambiri amene kale akadafa, koma ena pobwerera kwao adali anthu osinthika: mutu kuŵaŵa kosalekeza, chizungulire, kulira kwa m'makutu, kusoŵa tulo, kuiŵalaiŵala ndi kupsa mtima pa zinthu zazing'ono. Kaŵirikaŵiri oyamba kuzindikira adali akazi ao ndi ana ao. M'chaka cha 2008 dotolo Charles Hoge ndi anzake adafalitsa zimene adapeza atafunsa asilikali 2,525 obwera ku Iraq. Pafupifupi 15 pa 100 alionse adali atakomokapo kapena kuzunguzika chifukwa cha kuvulala. Mwa amene adakomoka, pafupifupi 44 pa 100 alionse ankavutikanso ndi nthenda ya maganizo imene imatsatira zoopsa, ya maloto oipa ndi kudzidzimuka kosatha. Nthenda ziŵirizi zimayendera limodzi, ndipo zizindikiro zake zimafanana kwambiri.

Chidatsala n'chakuti makina ojambula m'mutu kaŵirikaŵiri sankaonetsa kanthu, ndipo msilikali ankauzidwa kuti ali bwino pamene iye akudzimva kuti sali bwino. M'chaka cha 2016 dotolo Daniel Perl ndi anzake ku Bethesda, m'dziko la America, adapima ndi makina okuza zinthu ubongo wa asilikali angapo omwalira amene adakhalapo pafupi ndi mabomba ophulika. Adapeza tizipsera m'malo mmene mbali zosiyana za ubongo zimakumana, ndiponso mozungulira timitsempha ta magazi. Anthu opimidwawo adali oŵerengeka, motero kafukufuku akupitirira. Komabe zikuoneka kuti pa mkangano wa 1915 uja, amene ankanena za ubongo ndi amene ankanena za maganizo onse adagwirako mbali ya choonadi. Olakwa kotheratu adali aja ankati ndi mantha.

Kuyambira m'chaka cha 2000 mpaka 2022, asilikali a America oposa 450,000 adapezeka ndi kuvulala kwa ubongo. Pa 10 alionse, 8 adavulala mwa mtundu umene madotolo amautcha wochepa. Chodabwitsa n'chakuti ambiri sadavulalire ku nkhondo konse ai, koma pa maphunziro a usilikali, pa ngozi za galimoto, pa maseŵera ndi pa kugwa, monga mmene timavulalira ife tomwe. Ovulala mochepa ambiri amachira pa masiku kapena masabata oŵerengeka. Koma liu lakuti "wochepa" lisatinyenge. Kafukufuku wa mu 2018 pakati pa asilikali opuma ntchito oposa 350,000 adaonetsa kuti amene adavulala mochepa, ngakhale osakomoka, nthenda ya kuiŵala ya ku ukalamba inkaŵagwira moŵirikiza kaŵiri poyerekeza ndi anzao osavulala.

Msilikali safuna kusiya anzake, choncho akafunsidwa amayankha kuti ali bwino. Pozindikira ichi, m'chaka cha 2010 akuluakulu a nkhondo a America adaika lamulo lakuti aliyense amene adali pa mtunda wosapitirira mamita 50 kuchokera pamene bomba laphulika apimidwe ndi kupuma maola 24, afune asafune. Chifukwa chake n'chakuti ubongo wogwedezeka ukagundidwanso usanapole umaonongeka koposa. Kuchedwa kwa zizindikiro kudaonekera mu January 2020, pamene dziko la Iran lidaponya mabomba pa malo a asilikali a Al Asad ku Iraq. Poyamba kudalengezedwa kuti palibe wovulala, koma patapita masabata angapo asilikali oposa 100 adapezeka ndi kuvulala kwa ubongo.

Mlimi wogwa pa ngolo, mwana wogwa mu mtengo wa mango ndi mnyamata wogundana mitu ndi mnzake pa mpira ali ndi ubongo womwewo wa msilikali. Wopweteka m'mutu asasiyidwe yekha tsiku loyamba. Apume tsiku limodzi kapena aŵiri, kenaka abwerere ku ntchito pang'onopang'ono. Asamwe moŵa, asayendetse njinga, ndipo asabwerere m'bwalo la mpira tsiku lomwelo ngakhale achonderere. Mutu ukamaŵaŵa amwe panado, osati asipirini, pakuti asipirini amachedwetsa kuundana kwa magazi. Thamangirani naye ku chipatala ngati adakomoka, ngati akusanza mobwerezabwereza, ngati mutu ukunka nuŵaŵirabe, ngati akuodzera kosadzutsika, akubwebweta, akugwa khunyu, dzanja kapena mwendo wafooka, kapena ngati m'khutu kapena m'mphuno mukutuluka magazi kapena madzi oyera. Nthaŵi zina munthu amadzuka n'kumacheza bwinobwino pamene magazi akukha pang'onopang'ono m'kati mwa chibade, ndipo pakapita maola angapo amakomoka. Pomunyamula musapinde khosi lake.

Ngakhale chipeŵa cholimba cha okwera njinga zamoto chidafala chifukwa cha asilikali. M'chaka cha 1935 msilikali wotchuka wa ku Britain, T. E. Lawrence, adagwa pa njinga yamoto alibe chipeŵa, ndipo adamwalira patapita masiku oŵerengeka. Mmodzi mwa madotolo amene adamusamala adali Hugh Cairns. Nkhondo yachiŵiri itayamba, Cairns adaona kuti asilikali ambiri opereka mauthenga pa njinga zamoto ankafa ndi mabala a m'mutu pa miseu ya kwao komwe, asanaone n'komwe mdani. Adasonkhanitsa umboni, ndipo m'chaka cha 1941 gulu la nkhondo la Britain lidalamula okwera ake onse kuvala zipeŵa. Anthu wamba a m'dzikomo lamuloli lidaŵafikira m'chaka cha 1973. Lero njinga zamoto za kabaza zafika mpaka m'midzi mwathu. Pokwera funsani chipeŵa, ndipo mumange lamba wake pansi pa chibwano, pakuti chosamanga chimavuka munthu asanafike pansi.