Mwayi wa malonda m'mbali mwa njanji ya Nacala

Njanji ya Nacala, yotalika makilomita 912, imachokera ku Moatize m'dziko la Mozambique, n'kudutsa ku Nkaya, Liwonde ndi Nayuchi mpaka kudoko la Nacala. Kampani ya Vale idamanga chigawo chatsopano n'kukonzanso chakale kuti izinyamula malasha, koma mwayi waukulu kwa amalonda a kuno ku Malawi uli pa mbewu.

Nandolo wa ku Machinga ndi Balaka, maboma omwe njanjiyi imadutsa, ali ndi msika ku India, dziko lomwe mu 2021 lidagwirizana ndi Malawi zogula matani 50,000 pachaka. Chosowa ndi nyumba zosungiramo mbewu komanso makina opeta ndi kusenda nandolo. Alimi ambiri, poti alibe kosunga, amagulitsa kwa mavenda pasikelo ya m'mbali mwa msewu akangokolola, mtengo ukadali pansi. Woika ndalama zake pamenepa awerengerenso kuzimazima kwa magetsi ndi kusowa kwa ndalama zakunja zogulira makinawo.