Mtima wa Tabitha Chawinga pa makwerero a Maslow

Tikamakamba za Tabitha Chawinga, ambiri timathera pa kuwerenga zigoli. N'zambiridi: 26 mu ligi yaikulu ya ku Sweden mu 2017, 23 ku Italy atavala malaya a Inter Milan, 19 ku France ali ku Paris Saint-Germain. M'maiko atatu onsewa iye ndiye adamwetsa zigoli kuposa aliyense. Koma zigoli sizitiuza kuti mwini wake ndi wamtima wotani. Ine ndine mphunzitsi kuno ku Chiwamba, ndipo ndati namandwayu timuunike ndi maganizo amene tidaphunzira kukoleji ya uphunzitsi, a Abraham Maslow.

Maslow adali katswiri wa za kaganizidwe ka anthu wa ku America. Mu 1943 adalemba kuti zosowa za munthu n'zosanjikizana ngati masitepe asanu a makwerero. Pansi penipeni pali za thupi: chakudya, madzi ndi tulo. Sitepe yachiwiri ndi chitetezo. Yachitatu ndi chikondi, kukhala ndi anthu amene amakutenga kuti ndiwe wawo. Yachinayi ndi ulemu, woti ena akulemekeze iwenso uzidziona kuti ndiwe munthu. Pamwamba pali njala yofuna kukhala chimene udabadwira, kugwiritsa ntchito luso lako lonse. Mfundo yake idali yoti chosowa cham'munsi chikamaluma, cham'mwamba chimayamba chadikira. Mphunzitsi aliyense wakumudzi angavomereze: mwana wobwera m'kalasi m'mimba muli pululu saganiza za masamu, amaganiza za phala.

Tsono timuike Tabitha pa makwererowa. Adabadwa mu 1996 ndipo adakulira m'boma la Rumphi, komwe ankasewera mpira wachikulunga ndi anyamata. Iye mwini wakhala akunena kuti makolo ake sankakondwera nazo, moti nthawi zina mpira unkamudyetsa chikwapu. Mu 2021 adauza nyuzipepala ya The Guardian ya ku Britain chinthu chowawa koposa: ali ndi zaka 13 adakakamizidwa kuvula pabwalo, ati pofuna kutsimikiza ngati adalidi mtsikana. Ndipo sizidachitike kamodzi kokha.

Taonani apa. Sitepe ya chitetezo idathyoka. Ya ulemu idapondedwa pagulu. Ngakhale kunyumba, mpira wake padalibe wouombera m'manja. Tikatsata Maslow ndendende, mwanayu akadautaya mpirawo n'kuyamba wafunafuna mtendere. Koma sadautaye. Makwererowo adawayambira pamwamba. Maslow yemwe adavomereza kuti dongosolo lake silikhala chimodzimodzi kwa aliyense: alipo anthu ena obadwa ndi luso amene njala yoonetsa lusolo imaposa njala zina zonse.

Umu ndi mmene ndimaumvera mtima wa Tabitha. Chaka chija cha 2017 chimene adamwetsa zigoli 26, timu yake ya Kvarnsveden idatuluka mu ligi. Wosewerera kutamandidwa amagwa mphwayi timu ikamagonja sabata ndi sabata. Iye adapitiriza kugwedeza ukonde m'timu yomira. Ena angati ndi liuma. Ine ndimati ndi munthu amene adadziwa msanga chimene adabadwira, ndipo adakana kuti wina amulande.

Komabe tisanamizane, ngakhale iye adafunika masitepe am'munsi. Timu ya DD Sunshine ya mumzinda wa Lilongwe idampatsa anzake ndi malo osewerera. Mu 2014 adapita ku Sweden, n'kuyambira m'timu yaing'ono ya Krokom/Dvärsätts. Atapeza mabwalo abwino, aphunzitsi a mpira ndi anthu omuona ngati katswiri osati chodabwitsa, luso lake lidaphulika. Adapita ku China mu 2018, ndipo mu 2024 adalowa timu ya Lyon, imodzi mwa matimu akuluakulu a mpira wa amayi padziko lonse.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti atafika pamwambapo adacheuka. Nkhani ya kuvulidwa ija akadatha kuikwirira. Adaiulula ndi cholinga choti atsikana ena atetezedwe. Ndi kaputeni wa timu ya dziko lino ya Scorchers, ndipo mng'ono wake Temwa adatsata mapazi ake ku Kvarnsveden ndi ku China, asadapite ku America komwe mu 2024 adamwetsa zigoli 20 mu ligi ali ku Kansas City Current. Amene adakwera popanda masitepe ndiye akukhomera anzake masitepewo.

Nkhani ngati imeneyi ili ndi msampha wake. N'kosavuta kuuza mwana kuti, "Tabitha adapirira, iwenso pirira." Ayi. A mtima ngati wake ndi owerengeka. Atsikana ambiri amene ndimawaona akuthamanga ndi mpira m'mabwalo a kuno ku Chiwamba, ngakhalenso ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, amayenda monga adanenera Maslow. Wina amasiya chifukwa masewero amatha mochedwa ndipo njira yobwerera kunyumba ndi yaitali, yamdima. Wina amasiya chifukwa anyamata a pamsika amuseka kuti ali ngati mwamuna. Wina amauzidwa kuti mtsikana wotha msinkhu sathamanga pagulu. Luso amakhala nalo, chimene asowa ndi chitetezo, chikondi ndi ulemu.

Zitatu zimenezi sizilira ndalama zambiri. Aphunzitsi anzanga, masewero a atsikana tiziyamba dzuwa likadalipo, ndipo azibwerera limodzi ndi munthu wamkulu. Makomiti a sukulu ndi magulu a amayi osamalira atsikana azikhalapo pabwalo. Oimbira mpira ndi akuluakulu a FAM aonetsetse kuti madandaulo okhudza wosewera akutha ndi zikalata muofesi, osati ndi thupi la mwana pagulu. Mafumu athu adzudzule onyoza. Ndipo inu makolo, tsiku lina mudzangopita kukaonerera mwana wanu akusewera. Kwa iye chimenecho n'chachikulu kuposa chikho.

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Tabitha adamera pathanthwe n'kubala. Mbewu zinazi zikufuna nthaka, ndipo nthakayo ndife.