Chinamwali cha ku Dowa ndi ku Ntchisi chili m'manja mwa amayi aluso

Chimanga chikalowa m'nkhokwe, fodya atapita ku okushoni ku Kanengo kapena ku Chinkhoma, midzi ya kwa Msakambewa, kwa Dzoole, kwa Kalumo ndi kwa Nthondo imayamba kununkhira chimera. Sukulu zimakhala zitatsekera, ndipo m'mwezi wa Ogasiti ndi momwe mabanja ambiri tsopano amavinira ana awo aakazi amene atha msinkhu. Anthu obwera kudzaonerera amaona tsiku lomaliza lokha: ng'oma pabwalo, nthungululu, Gule Wamkulu akutulukira kuchokera kudambwe, mfumu mwini mzinda atakhala pampando. Koma mwambowu umapangidwa masabata angapo tsikulo lisanafike, ndipo opanga ake ndi amayi wamba, omwewo amene m'mawa amakatunga madzi ku mjigo n'kukonzekeretsa ana kupita kusukulu. Ine ndikuti zimene amayiwa akusintha pa chinamwali masiku ano si kuononga mwambo ayi. Ndi ntchito yomwe amayi a Chichewa akhala akuigwira kuyambira kale.

Taonani chingondo chimene namwali amavala kumutu potuluka. Anamkungwi kapena aphungu amakatapa dothi, kulikanda mpaka lifewe bwino, n'kuumba chilombo chaching'ono chokwana pamutu pa mwanayo, kenako n'kuchidonthezera madontho oyera, ofiira ndi akuda. Palibe zingondo ziwiri zofanana, chifukwa dzanja lililonse lili ndi kaumbidwe kake. Chimodzimodzinso nyimbo za kutsimba. Zina n'zakale kwambiri moti mawu ake amafuna anamkungwi kuti amasulire, koma zina zimapekedwa chaka chomwecho, pamtondo kapena posenda mtedza, ndi mayi amene waona khalidwe la mwana wake n'kufuna kulidzudzula popanda kumutchula dzina pagulu. Mwana waulesi, wamwano kwa atsibweni ake, kapena wokonda kuchezera pamsika wa Mponela mpaka mdima, amadzimva yekha m'nyimbomo. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kumene UNESCO idakuika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2006, akatswiri amagwirizanitsa zina mwa zojambula zoyera za pamiyala ndi maphunziro a chinamwali. Ngati makolo athu adaphunzitsapo ana pojambula pathanthwe, ndipo ena pambuyo pake n'kumaphunzitsa poumba dothi, ndiye kuti njira yophunzitsira idasinthapo kale m'mbuyomu, chinamwalicho osafa.

Akuluakulu ena amadandaula kuti mwambo wasukuluka. Kale namwali ankakhala masiku ambiri kutsimba, lero ena amangokhala masiku ochepa kuti asaphonye sukulu, ndipo pena amatuluka atavala nsalu yogula ndi nsapato zatsopano. Dandauloli lili ndi mutu, chifukwa malangizo ofunika nthawi akapanikizidwa, mwana amamva pang'ono. Komabe tifunse chimene chidasintha poyamba. Maphunziro aulere a pulaimale adayamba mu 1994, ndipo ana aakazi ambiri adalowa m'kalasi. Lamulo la maukwati la 2015, pamodzi ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017, lidakhazikitsa zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja. Mtsikana amene watha msinkhu ali ndi zaka 12 kapena 13 saloledwanso kupita kubanja mawa lino monga zinkachitikira kale. Anamkungwi amene amasiya malangizo a m'nyumba kufikira tsiku la ukwati, n'kulimbikira za ukhondo, ulemu, kudziletsa ndi sukulu, awerenga bwino nyengo. Akadaumirira zakale zonse, makolo ambiri akadasiya kutumiza ana awo, ndipo kusukuluka kwenikweni kukadakhala kumeneko.

Mbali ina pali a mpingo ndi a mabungwe, amene ena mwa iwo amati chinamwali chingotha. Mkanganowu si wa lero m'mapiri ano. Amishoni a Dutch Reformed Church adafika ku Mvera, m'dera la Chiwere, mu 1889, kenako n'kutsegula Kongwe, ndipo adalimbana kwambiri ndi gule ndi chinamwali. Chodziwika n'chakuti mpingowo sudathe kungothetsa kulangiza ana. Udakhazikitsa chilangizo, chimene Sinodi ya Nkhoma ikuchitabe mpaka lero, ndipo alangizi ake ndi amayi a m'midzi yomweyi. Nawonso amasonkhanitsa atsikana, amaimba, amaphika, amalangiza, ngakhale kuti ng'oma ndi gule palibe. Pamenepa mpingo udavomereza kuti mwana akakula pamafunika amayi a mudzi wonse, osati mayi wake yekha, amene pa Chichewa amachita manyazi kukamba zina ndi mwana wobala yekha. Za nkhanza zimene mabungwe amatchula, monga kukakamiza mwana kugona ndi mwamuna wotchedwa fisi, sindikuziikira kumbuyo ngakhale pang'ono. Kumene zikuchitikabe ndi mlandu, ndipo ochita ayenera kumangidwa. Koma amene angazithetse ndi amene amalowa kutsimba, ndipo kumeneko wapolisi kapena mkulu wa bungwe salowako. Mafumu akamakhazikitsa malamulo a m'midzi oteteza ana popanda kukhala pansi ndi anamkungwi, malamulowo amathera pabwalo.

Tisaiwalenso kuti chinamwali chimasonkhanitsa mbumba. Mwini mbumba amakauza amfumu, akamwini amawaza nkhuni ndi kumanga zisakasa, azakhali ndi agogo amafulula thobwa ndi mowa, abale a ku Lilongwe ndi ku Kasungu amabwera ndi shuga ndi sopo. Amene adakangana pa malire a munda amapezeka akudyera m'mbale imodzi. Gule Wamkulu, amene UNESCO idamulemekeza mu 2005, amatchuka kunja chifukwa amaoneka pabwalo, koma iyenso sangavine popanda amayi oyimba ndi kuwomba m'manja.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine si kufupika kwa masiku kapena nsapato zatsopano, koma kuchepa kwa manja odziwa kuumba. Mapoto a chitsulo ndi zidebe za pulasitiki zalanda malo a miphika ndi mitsuko, choncho atsikana ambiri akukula osagwirapo dothi la mtapo. Mayi amene sadaumbepo mphika sangadzaumbe chingondo. Anamkungwi ambiri ndi okalamba, ndipo aphungu achitsikana amadziwa nyimbo kuposa kuumba. Gulu la Chewa Heritage Foundation ndi mafumu a m'maboma awiriwa amayesetsa chaka ndi chaka kutumiza anthu ku Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, m'dziko la Zambia. Khama lomwelo likufunika pakhomo pano, kuti namkungwi aliyense akhale ndi amayi achichepere awiri kapena atatu ophunzira pambali pake nyengo ya chinamwali isanafike.