Gemu siipha TV, nkhani yagona pa manambala a chip

Mphekesera yoti gemu "imapha TV" ikukana kufa. Pa Jenda, pomwe katundu wa ku Joni ndi wodutsa malire kuchokera ku Lundazi amatsikira m'mbali mwa msewu wa M1, alipobe makolo amene amalanda ana kamakina ka Mario n'kukakatsekera m'sutikesi. Kakangotulutsa utsi tsiku lina, basi umboni wapezeka, mudzi wonse umva.

Tiyambe ndi utsiwo. Mphamvu imene gemu imatumiza ku TV kudzera pa waya wachikasu uja ndi pafupifupi volt imodzi yokha, yosakwana kuwotcha kanthu. Chimapsa ndi gemu yeniyeniyo, ndipo wopalamula kawirikawiri ndi adaputa. Makina ambiri amtunduwu amafuna negative pakati pa pulagi, pomwe maadaputa ambiri a dikoda ali ndi positive pakati. Munthu akangotola iliyonse poti "yalowa bwinobwino", kapena akalumikiza ku batire ya sola mawaya atatembenuka, chovulala msanga ndi 7805, ka IC ka miyendo itatu kotsitsa magetsi kufika pa 5 volts. N'zoona kuti pa TV zakale zachimsana zija, chithunzi chosasuntha chikakhalitsa chimatha kusiya chipsera pagalasi. Koma zimenezi zingachitikenso ndi chizindikiro cha siteshoni chokhala pakona. Nanga bwanji sitinamvepo kholo likuletsa kuonera nkhani zamadzulo?

Funso lanzeru ndi lina, limene wokonza mawailesi angakhale nalo akaona makina akufa atawunjikana pansi pa tebulo: kodi munthu angazule ma chip awiri atatu n'kudzipangira gemu yakeyake? Angathe ndithu, bola adziwe kuwerenga zolembedwa pamsana pa chip.

Kholo la timagemu tonseti ndi Famicom, imene kampani ya Nintendo idatulutsa ku Japan mu 1983, n'kuipititsa ku America mu 1985 ndi dzina loti NES. Zimene zidafika kuno zambiri sizinali za Nintendo ayi, zinali zokopera, monga Golden China imene idatchuka ku South Africa. Mkati mwa Famicom muli ma chip akuluakulu awiri a miyendo 40, opangidwa ndi kampani ya Ricoh. Loyendetsa masewero ndi kuimba nyimbo ndi 2A03, lojambula zithunzi ndi 2C02. Amenewo ndi a TV za NTSC, za ku Japan ndi America. A ku Ulaya, a PAL, ndi 2A07 ndi 2C07. Kuno ku Malawi TV zathu ndi za PAL, choncho munthu angaganize kuti yankho lapezeka. Ayi, adikire kaye.

Pabodi pali kachitsulo kowala kotchedwa crystal, komwe kamapereka liwiro kwa onse. Zili ngati ingoma ya kwa Inkosi M'mbelwa: mwendo wa aliyense uyenera kutera pansi nthawi imodzi, wina akatsogola gule wasokonekera. Crystal ya NTSC imalembedwa 21.477, ya PAL 26.601, kutanthauza kugunda maulendo mamiliyoni 21 kapena 26 ndi kanthu pa sekondi. Chip chilichonse chimagawa liwiro limeneli ndi nambala yakeyake imene idaikidwiratu ku fakitale. 2A03 imagawa ndi 12 n'kupeza 1.79 MHz, pomwe 2C02 imagawa ndi 4. Mukawerengera, 2A03 ikaponda kamodzi, wojambula amakhala atalemba timadontho titatu tachithunzi. Olemba magemu a ku Japan ankadalira kwambiri kuwerenga kumeneku: ankadziwa kuti pofika pakutipakuti wojambula ali pa mzere wakuti, ndiye apa n'pamene tisinthe chithunzi. Tsono 2A07 ya ku Ulaya imagawa ndi 16, mnzake 2C07 ndi 5, ndipo timadontho timakhala 3.2. Kusiyana kwake n'kochepa pokuona, koma magemu ena a ku Japan amanjenjemera kapena kuima kumene pa makina otere.

Apa m'pamene kampani ya UMC ya ku Taiwan idaonetsa luso, ngakhale kuti linali luso lokopera. Idapanga UA6527 ndi UA6528 zofanana ndi za NTSC, kenako UA6527P ndi UA6538 za maiko a PAL. UA6527P imatenga crystal ya 26.601 koma n'kugawa ndi 15 m'malo mwa 16. Zotsatira zake ndi 1.77 MHz, pafupi kwambiri ndi liwiro la ku Japan, ndipo timadontho tibwerera pa titatu ndendende. Chithunzi chimatuluka cha PAL, cha mizere 312, koma gemu imadziona ngati ili kwawo ku Kyoto. Ndi ma chip amenewa amene adayendetsa makina okopera a Dendy a ku Russia kuyambira 1992. Ndipo popeza makaseti achikasu a "9999 in 1" aja amadzaza magemu a ku Japan, obwerezabwereza ndithu, ma chip awiriwa ndiwo oyenera kwa munthu wa ku Jenda, kuposa ngakhale a Nintendo enieni a ku Ulaya.

Koma vuto lake lilipo. PAL imaonetsa zithunzi 50 pa sekondi pomwe NTSC imaonetsa 60, motero Mario amene tidakula naye ankathamanga mochedwerako poyerekeza ndi wa mwana wa ku Osaka. Nyimbo nazonso zinkamveka mosiyana, chifukwa ma chip ambiri a UMC adatembenuza mitundu iwiri ya kaliridwe ka mawu. Amene adazolowera nyimbo ya gemu ya Contra ya pa makina okopera akamva yeniyeni amayesa kuti ndiyo yolakwika.

Choncho chilembo P cha pa UA6527P chija si chokongoletsa. Mukaphatikiza UA6527 yopanda P ndi UA6538, kapena mukaika crystal ya banja lina, mudzapeza zithunzi zoduka, mitundu yosowa, kapena mdima wokhawokha, ngakhale chip chilichonse pachokha chili chamoyo. Zotsalazo n'zosavuta kupeza: ma RAM awiri a 2KB a mtundu wa 6116, 74LS139, 74LS373, ndi polowetsa kaseti pa mano 60, osati 72 a NES.

Chokhumudwitsa n'chakuti timagemu tambiri tam'misika masiku ano mukatitsegula simupezamo chozula. Mumangopeza kadontho kakuda kouma ngati phula, ndipo makina onse adapanikizidwa pansi pake. Anthu ena amati pansi pa phulalo pabisika chuma, mpaka kumakanda ndi mpeni. Mulibe chuma mmenemo. Ndi kachidutswa ka silicon kolumikizidwa ndi timawaya topyapyala kuposa tsitsi, ndipo phulalo ndi guluu woteteza basi. Kakafa kafa, palibe mmisiri wa ku Mzimba boma kapena ku Mzuzu amene angakadzutse. Oyenera kusakidwa ndi makina olemererako a m'ma 1990, omwe mwina akugona m'masutikesi a amalume omwe adabwerako ku Joni kalekale.

Oitanitsa pa intaneti achenjere ndi ma chip opalidwa pamsana n'kulembedwanso nambala yatsopano. Kupukuta ndi mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo nthawi zambiri kumaulula chinyengocho, chifukwa utoto wakuda umatsalira pathonje. Powotcherera, tsegulani zenera ndipo sambani m'manja musanadye, poti mabodi akalewa ali ndi mtovu. Ndipo mfuti ya gemu yowombera abakha ija ikakana pa TV yaplasma, musazule chip chilichonse: imadalira mmene TV yachimsana imawalitsira chithunzi nthawi yomweyo, pomwe zamakonozi zimachedwa pang'ono.